Nkhani Ili pa "Koma": Mizimu ndi Matsenga m'Nkhani Zazifupi

 Omvera, ena mwangosamba m'manja kuchoka pa mgonero, ena muli pakhonde mukupitidwa kamphepo, ena wailesi mwaiika pambali pa mbaula uku mukudikira madzi osamba. Takulandirani ku pulogalamu yathu yokamba za luso lolemba. Lero sendezani mpando pafupi, chifukwa tikamba zinthu zimene ambirife timazikamba monong'ona: mizimu, mizukwa, ndondocha, ndege za usiku, ndi njoka ija imagona pansi pa phiri. Funso lathu ndi lakuti, kodi wolemba nkhani yaifupi angalowetse bwanji zinthu zoterezi m'nkhani yake kuti igwire mtima wa munthu wamkulu, osangoti yoopsezera ana kuti agone msanga?

Ndineneretu kuti pano sitikuzenga mlandu woti ufiti ulipo kapena kulibe. Umenewo ndi wa bwalo lina. Ife tili pa ntchito ya wolemba, munthu amene wakhala pansi ndi cholembera ndi masamba anayi kapena asanu, ndipo akufuna kuti woŵerenga akamaliza, akhale kaye chete.

Ndiyambe ndi liwu limodzi laling'ono, ndipo ndikupemphani mulisunge mpaka pulogalamu ithe. Liwulo ndi "koma".

Kumbukirani nkhani iliyonse ya mankhwala imene munaimvapo kumudzi. Munthu wapita kwa sing'anga kukafuna chuma. Sing'anga wasakaniza mizu, waika chizimba, wamupatsa nsupa. Kodi amangoti pitani mukalemere? Ayi. Nthawi zonse pamakhala koma. Mulemera, koma musadzagone pabedi. Mulemera, koma m'chipinda ichi asadzalowemo mkazi wanu. Mulemera, koma ndalama imeneyi musadzagulire bokosi la maliro a m'bale wanu. Amene munakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje mukudziwa zimene akuluakulu amanena za kufupi ndi Sapitwa: munthu ukasochera m'phirimo ungathe kupeza chakudya chokonzakonza popanda wophika. Idya ukhute, koma usaitane mnzako, koma usanyamuleko kupita nacho kwanu. Mukuona? Makolo athu ankadziwa kuti chodabwitsa pachokha si nkhani. Nsima yopezeka pamwala ndi chodabwitsa chabe. Nkhani imabadwa pamene munthu wakhuta wakumbukira mwana wake wanjala kunyumba, dzanja n'kuyamba kuloŵa m'thumba. Ndibwereze: nkhani ili pa koma.

Tsono tiyeni tione mmene olemba ena anagwirira ntchito ndi koma ameneyu. Tiyambira kutali, kenako tibwerera kwathu.

Ku England kunali wolemba wina dzina lake W. W. Jacobs. M'chaka cha 1902 anatulutsa nkhani yaifupi yotchedwa The Monkey's Paw, kunena kadzanja kouma ka nyani. Msilikali wina wobwera kuchoka ku India anasiya kadzanjako panyumba ya bambo White, mkazi wawo ndi mwana wawo Herbert. Kadzanjako kamapatsa munthu zofuna zitatu, koma msilikaliyo anachenjeza kuti amene amapempha amadzalira. Bambo White, mongoyesa, anapempha mapaundi 200 oti amalizire ngongole ya nyumba. Mawa lake kunabwera munthu wochokera kuntchito kwa Herbert kudzanena kuti mnyamatayo wakodwa m'makina ndipo wamwalira. Kampani inapereka chipepeso, ndipo chipepesocho chinali mapaundi 200 ndendende. Patapita masiku, mayi uja, chisoni chitamusokoneza mutu, anakakamiza mwamuna wake kupempha kachiwiri kuti mwana abwere. Pakati pa usiku kunamveka kugogoda pachitseko. Mayi akulimbana ndi mpiringidzo kuti atsegule, bambo akufwanthula pansi mumdima kufuna kadzanja kaja, chifukwa iwo anauona mtembo mmene makina anauonongera. Anapempha kachitatu. Kugogoda kunaleka. Chitseko chitatseguka, panja panali msewu wokhawokha.

Omvera, taonani zimene wolemba ameneyu sanachite. Sanationetse chimene chinaima pakhomo. Sanatiuze za magazi, kapena za maso, kapena za nsalu ya kumanda. Anatipatsa phokoso la kugogoda basi, zotsalazo tinajambula tokha m'mutu, ndipo chimene munthu wajambula yekha ndi chimene chimamutsata mpaka pamphasa. Komanso taonani kuti chimene chikutipweteka m'nkhaniyi si kadzanja ka nyani. Ndi makolo awiri amene onse akukonda mwana mmodzi, wina akufuna kutsegula, wina akufuna kutseka. Matsenga angobwera kudzavundukula zimene zili m'mitima yawo.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chimene ambiri munachiŵerenga kusukulu, Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe. Munthu wapha m'bale wake panjira chifukwa cha chuma, akuganiza kuti tchire lamubisira. Kenako pakubwera kambalame koimba zimene zachitika. Mbalame yoimba mawu a anthu ndi chodabwitsa, inde. Koma bwanji nkhaniyi siichoka m'mutu? Chifukwa kambalameko kakuchita ntchito imene chikumbumtima chimachita: ukathamangitse, kabweranso. Wakupha uja atha kuthaŵa mudzi, koma nyimbo ija sangaithaŵe. Mbalame ikanakhala kuti yangobwera kudzamulodza n'kumugwetsa pomwepo, bwenzi tonse titaiwala kalekale.

Apa ndiye pali kusiyana pakati pa nkhani yolembedwa mwaluso ndi zimene timamva tsiku ndi tsiku. Ambiri tinakula tikumvera Nkhani za m'Maboma pa wailesi ya MBC, ndipo mukudziwa mmene anthu amaunjikirana ikafika nthawi yake. Mumamva kuti kwakutikwakuti munthu wapezeka mbandakucha ali pabwalo la eni, akuti wagwa m'ndege ya lichero. Timagwira pakamwa, timakambirana m'minibasi, mawa lake kwabwera ina. Imeneyo ndi mbiri ya chimene akuti chachitika. Wolemba nkhani yaifupi ayambire pamene mbiri yathera. Munthu wapezeka pabwaloyo ndi bambo wa yani? Mwana wake wamkazi, amene mawa lake akulemba mayeso a Fomu 4, alowa bwanji m'kalasi anzake onse atamva? Nanga amene anayamba kukuwa kuti mfiti, anali ndi mangawa anji ndi munthuyo? Mukayankha mafunso amenewa, mwayamba kulemba nkhani.

Tsopano ndikufuna tiyese limodzi. Ndipeka kankhani pompano, ndipo ndikafotokoza kawiri.

Koyamba kali motere. Munthu wina wa kabaza wamwalira. Mng'ono wake walanda njinga kwa mkazi wamasiye. Usiku mzukwa wa malemu ukubwera, maso akuyaka moto, mano ngati a fisi, nyumba ikugwedezeka. Mng'ono uja akukuwa, akuthaŵa, akugwa m'chitsime. Kenako akudzidzimuka, thukuta lili kamukamu, ndipo akuzindikira kuti anali maloto.

Nkhani zotere ndaziŵerengapo zambiri, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa nthawi zambiri wolembayo luso ali nalo, kungoti wachita mantha ndi nkhani yake yomwe. Mawu akuti "anali maloto" amalanda woŵerenga zonse zimene unamupatsa. Wamuyendetsa mtunda wautali, pofika n'kumuuza kuti sitinapite kulikonse.

Tsono imvani kachiwiri. Maliro atha, sadaka isanachitike n'komwe, mng'ono uja wafika kwa mlamu wake n'kunena kuti njingayi ndi ya kwathu, anagula ndi ndalama za fodya wa bambo athu. Mlamu sanayankhe, anangoyang'ana ana ake atatu. Mng'ono uja wayamba kabaza pa siteji pomwe mkulu wake ankaima, ndipo makasitomala a malemu akukwera kwa iye. Madzulo oyamba wakhala pamphasa, watulutsa ndalama za tsikulo kuti aŵerenge. Atangonyowetsa chala ndi malovu, belu la njinga, imene yatsamira khoma kuseri kwa chitseko, likulira kamodzi. Ngiri. Wayang'ana, palibe munthu. Wati mwina ndi khoswe. Mawa lake chimodzimodzi: akamadya belu lili chete, akamacheza lili chete, koma akangoyamba kuŵerenga ndalama, ngiri. Tsiku lachitatu wamasula belulo n'kukaliponya mumtsinje. Usiku umenewo waŵerenga ndalama mtima uli m'malo, mpaka wafika pa ndalama yomaliza. Ngiri. Iye wakhala chete, akudziuza kuti ndi m'makutu mwake mokha. Pamenepo mwana wake wamng'ono, amene amayesa kuti wagona, akudzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Ababa, kodi abambo aakulu abwera?"

Ndiimire pomwepo. Mwaona kuti m'kankhani kachiwirika mulibe moto, mulibe mano, mulibe mzukwa wooneka ndi maso. Muli chodabwitsa chimodzi chokha, belu, ndipo belulo lili ndi lamulo lake: limalira pa ndalama basi. Njinga yendetsa, koma usaŵerenge phindu lake. Ndi koma uja. Ndipo lamulo limenelo likuloza pa bala lenileni la nkhaniyi, lomwe ndi kulanda chuma cha amasiye, chinthu chimene tonse tachionapo pamaliro.

Chodabwitsa chimodzi chikukwana. Nkhani yaifupi ili ngati mphika waung'ono. Mukathiramo mfiti, ndondocha, fisi, njoka ndi chiwanda nthawi imodzi, zisefukira pamoto. Ndipo lamulo mukaliika, lisungeni. Ngati mwanena pa tsamba loyamba kuti mzimu suwoloka madzi, usawoloke pa tsamba lachinayi chifukwa choti inu mwasowa pothera. Woŵerenga amavomera kukhulupirira zosatheka, koma savomera kunamizidwa.

Muli kumvera pulogalamu yokamba za luso lolemba, ndipo lero tili pa mizimu ndi matsenga m'nkhani zazifupi. Tanena kuti nkhani ili pa koma. Tsopano tikambeko za mawu ake, kaperekedwe kake.

Agogo anga akamakamba za munthu amene anasanduka fisi, sankakweza mawu. Ankanena mofanana ndi mmene anganenere kuti mvula yagwa kutsidya, uku akusenda nandolo. Ndipo kusatekeseka kwawoko ndi kumene kunkatiumitsa pakhosi. Wolemba wa ku Colombia, Gabriel García Márquez, ankalemba chimodzimodzi. Ali ndi nkhani yaifupi ya nkhalamba yokhala ndi mapiko aakulu imene inagwa m'matope pabwalo la banja lina losauka mvula itagwa masiku atatu. Kodi anthuwo anagwada n'kupembedza? Anaitsekera m'khola la nkhuku. Wansembe anabwera kudzaiyesa ngati ndi mngelo weniweni, anthu anakhamukira kudzaona, eni nyumba anayamba kulipiritsa pakhomo mpaka anamanga nyumba yosanja. Márquez akutiuza za nthenga zothothoka, za tizilombo ta m'mapiko, za fungo la m'khola. Tsiku limene nkhalambayo inauluka n'kupita, mayi wa panyumbapo anali kukhitchini akudula anyezi. Chinthu chosatheka chimakhulupirika chikazunguliridwa ndi zinthu zimene timazidziwa: matope, nkhuku, anyezi. Inunso mukafuna kuti mzimu uloŵe m'nkhani yanu, yambani mwatimvetsa fungo la utsi wa m'nyumbamo, mutionetse chigamba cha pa chitenje, ndi koloboyi amene watsala pang'ono kutha mafuta.

Ndipo sankhani mawu mosamala, pakuti Chichewa chinasiyanitsa kale zinthu zimenezi. Mzimu wa kholo umene umabwera kutulo kudzadandaula kuti mwandiiwala si chimodzimodzi ndi mzukwa umene anthu amati amakumana nawo pafupi ndi manda. Ndondocha ndi munthu amene abale anamulira n'kumuika, koma akuti wina akumugwiritsa ntchito usiku, lilime atamudula. Taganizani kulemera kwa chithunzi chimenecho: wantchito wosalipidwa, wosatha kuyankhula, amene kwawo amamuyesa wakufa. Wolemba wofuna kukamba za anyamata amene anapita ku Joni n'kusiya kutumiza uthenga, kapena za matenanti a m'minda ya fodya, ali nacho kale chida m'chiyankhulo chake. Palibe chifukwa chokabwereka mizukwa ya m'mafilimu yoyamwa magazi m'nyumba zachifumu za ku Ulaya, kapena moto wotuluka m'maso umene timauona m'mafilimu ena a ku Nigeria. A ku Nigeria enieniwo, olemba awo akuluakulu anakumba kwawo. Amos Tutuola anatenga za m'nkhalango za Ayoruba m'buku lake la 1952, The Palm-Wine Drinkard. Ben Okri anatenga chikhulupiriro cha abiku, mwana amene amabadwa n'kufa n'kubadwanso, n'kulembapo The Famished Road, buku limene linapata mphoto ya Booker mu 1991.

Ife tili ndi Napolo, njoka ija imagona pansi pa phiri. Anthu a ku Zomba amakumbukira chigumula cha 1946, a ku Phalombe amakumbukira cha 1991 pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi, ndipo namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu 2023, dzina la Napolo linamvekanso pakamwa pa anthu. Malemu Steve Chimombo anakhala ndi Napolo pafupifupi moyo wake wonse wolemba, m'ndakatulo ndi m'mabuku. Analembanso sewero la The Rainmaker lochokera pa mbiri ya Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Munthawi ya chipani chimodzi, pamene bungwe lounika mabuku linkatha kuletsa cholembedwa ndipo wolemba ankatha kutsekeredwa, nthano ndi mizimu zinkathandiza olemba kunena zimene sakanatha kuzitchula poyera. Oŵerenga ambiri akamva za chinthu champhamvu chimene chimadutsa n'kukokolola midzi popanda wochifunsa, ankadziwa kuti si njoka yokha ikunenedwa. Chodabwitsa chingathe kusenza katundu amene mawu achindunji sangamunyamule.

Tsopano ndifike pa mbali imene imandilemera mumtima, ndipo ndikupempha olemba achinyamata mumvetsere bwino. Zimene timalembazi zimagwera pa nthaka imene ili kale ndi mantha. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu owaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Abale athu achialubino akhala akusakidwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Lamulo la dziko lino la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe zala zimalozedwa.

Tsono inu mukalemba nkhani, ndipo mfiti yanu nthawi zonse ndi gogo wosauka wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, wa maso ofiira, pomaliza mudzi wonse n'kumugenda ndipo mvula n'kugwa, mwathira nkhuni pamoto umene ukuotcha anthu enieni. Maso a agogo ambiri amafiira ndi utsi wa zaka zonse zimene akhala akutiphikira. Sindikuti musalembe za ufiti. Lembani. Koma dzifunseni kuti chala cha nkhani yanu chikuloza yani. Yesani kulemba usiku womwewo mutaima m'nyumba mwa gogoyo, akumva mapazi akuyandikira, akuzindikira mawu a mdzukulu amene anamubereka kumsana. Kapena lembani za mnyamata amene wanyamula mwala, ndipo kuyambira tsiku limenelo nsima iliyonse imene wapatsidwa ikumveka kukoma kwa nsima ya agogo akewo, mpaka akulephera kumeza. Chodabwitsa chilipo, mantha alipo, koma tsopano zikuyang'ana kumene kuli mlandu weniweni.

Chimodzimodzinso ndi zinthu zimene eni ake amazilemekeza. Gule Wamkulu, nsembe za kwa Mbona, miyambo ya kumanda, zimenezi si zokometsera nkhani ngati tsabola. Ngati simukuzidziwa, khalani pansi ndi akuluakulu mufunse, ndipo zimene akuuzani kuti sizinenedwa pagulu, nkhani yanu ingathe kuyenda bwinobwino popanda kuziulula. Mwaona kale kuti chitseko chosatsegulidwa chimagwira mtima kuposa chotsegula.

Nanga pothera? Ambiri amafunsa ngati wolemba ayenera kuulula kuti chinali chiyani kwenikweni, mzimu kapena maganizo chabe. Ine ndimakonda nkhani imene imasiya mpata. M'kankhani kathu ka belu, wina anena kuti ndi malemu akulondola njinga yawo, wina anena kuti ndi chikumbumtima, ndipo mwana uja anangolota abambo ake aakulu. Onse awiri ali ndi poimira, ndipo akangana mpaka kufika kunyumba. Chimene sindingavomere ndi chakuti chodabwitsa chibwere pa tsamba lomaliza kudzapulumutsa wolemba, monga mphezi yongogwa kudzapha munthu woipa pamene sitinamveko ngakhale kugunda kwa bingu m'nkhani yonse. Pampondachimera payenera kukhala munthu akusankha. Mng'ono uja abweza njinga, kapena aphunzira kuŵerenga ndalama belu likulira? Mayankho onsewo ndi nkhani, ndipo lachiwirilo ndi loopsa kuposa loyamba.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, choncho ndikusiyireni ntchito ya usiku uno. Musanagone, kumbukirani chodabwitsa chimodzi chimene munachimva kwanu, kaya ndi dziwe limene anthu satungamo madzi, mtengo umene sudulidwa, kapena njira imene anthu sadutsa dzuŵa likaloŵa. Dzifunseni kuti koma wake ndi wotani. Kenako ganizirani munthu wabwinobwino, wofanana ndi inu, amene ali ndi chifukwa chomveka chophwanyira koma ameneyo: mwana wadwala, fizi yasoŵa, mvula yakana. Mulembe tsamba limodzi lokha, ndipo chinthucho musachionetse. Mukamaliza, kaŵerengereni agogo kapena azakhali anu mokweza, muone ngati asiya zimene akuchita.